Mphindi Khumi ndi Zitatu za Rozina

Thuchila, Loweruka masana

Rozina mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Nkando kokatsanzika azakhali ako. Amayi ako ali kuseriku akusita malaya ako, ine ndakhala pakhonde ndi kope lathu lija timalembamo nthawi zako zothamanga. Mapepala awa ndang'amba pakati pake. Ukundidziwa, ndikafuna kunena za mumtima ndimangoyamba za matayala a njinga kapena za mvula. Ndiye ndati ndilembe, ndiike m'chikwama chako, ukawerenge ukakafika.

Lachinayi lija, titabwera kothamanga, unandifunsa kuti, "Ababa, ndiuzeni zoona, kodi ndikakhoza?" Ine ndinangoti tiona, n'kudzuka kukapopa njinga yomwe inali yopopa kale. Ndinalakwa. Funso lako linali loyenera yankho, ndipo yankho lake ndinali nalo. Ndi ili: ukakhoza. Sindikunena pokusangalatsa, ndikunena zomwe kope likunena, ndipo ndikuonetsa m'mene ndawerengera kuti nawenso uzitsimikize wekha.

Kalata yokuitana ku mayeso a usilikali ija ikuti Lachitatu mukathamanga makilomita 2.4, maraundi sikisi pa bwalo, ndipo mtsikana aliyense amalize mphindi 13 zisanakwane. Ukagawa mphindi 13 m'maraundi sikisi, raundi iliyonse ikupatsidwa mphindi 2 ndi masekondi 10. Amenewo ndiwo malire. Tsono taona zako. Ma Loweruka asanu apitawa, pa msewu wathu wochokera pa sukulu kukafika pa mwala wa kumlatho, unathamanga 12:52, kenako 12:44, kenako 12:47, kenako 12:35, ndipo komaliza 12:31. Palibe ndi limodzi lomwe linafika 13. Msewu wathu uli ndi chitunda cha pa mjigo ndi mchenga uja umameza phazi pafupi ndi dimba la a Namakhwa, pomwe bwalo limene ukukaliona ndi lathyathyathya. Pamenepo ukapindula masekondi angapo. Kuthamanga pakati pa anzako kukakukoka, ukapindulanso. Koma mantha ndi dzuwa la kuchilendo zikakulanda ena, ndiye ndachotsanso. Zonse ndikaziphatikiza, ndikuona 12:30. Tsiku likakukomera, 12:20. Likakuipira, 12:45. Konseko uli m'kati.

Sindinadalire ma Loweruka okha. Lolemba lililonse wakhala ukuthamanga makilomita eyiti, kilomita iliyonse mphindi sikisi, uku ukundisimbira nkhani za kwaya ine ndikupalasa pambali pako. Munthu amene akutha kuyankhula ziganizo zathunthu pa liwiro limenelo ndiye kuti m'chifuwa mwake mukadali malo. Ndipo pa bwalo la sukulu wakhala ukubwereza raundi imodzi kasanu ndi katatu, iliyonse mphindi imodzi ndi masekondi 52, yomaliza yosasiyana ndi yoyamba. Ngati miyendo yako ikuidziwa 1:52, ndiye 2:05 singaiopse. Sunga nambala imeneyi, mwana wanga: 2:05 pa raundi. Ukaigwira kasanu ndi kamodzi, yakwana 12:30.

Mwina ukuti, ababa omwewa ananditsimikizirapo kale zinthu zomwe sizinali zoona. Ukunena zoona, ndipo tiye tiyambe ndi zimenezo.

Unali mwezi wa Epulo pomwe ndinayeza msewu uja koyamba. Ndinamanga kansalu kofiira pa sipoko ya tayala lakutsogolo, n'kuyeza tayalalo ndi tepi ya amayi ako yosokera, kenako n'kukankha njinga kuchokera pa sukulu ndikuwerenga kuzungulira kwa kansalu. Ndinafunika kufika chikwi chimodzi ndi makumi asanu ndi anayi. Ndili pakati, pafupi ndi chigayo, ndinakumana ndi alamu anga akuchokera ku maliro. Sungamudutse munthu wochokera ku maliro uli kalikiliki kuwerenga tayala. Ndinaima, tinapatsana moni, anandifotokozera m'mene mwambo unayendera. Pobwerera ku njinga mutu unandiuza kuti ndinalekezera pa mazana asanu ndi awiri, pomwe ndinalekezera pa mazana asanu ndi limodzi. Mtima unakayika pang'ono, koma dzuwa linali litakwera ndipo ndinachita ulesi kubwerera kukayambiranso. Ndinaika mwala pomwe tayala linandiuza. Patatha milungu itatu unathamanga 12:50, ndipo ine ndinakalengeza pa siteji ya kabaza kuti mwana wanga ndi msilikali kale, akungodikira yunifolomu. Ndiye aphunzitsi a Namakhwa, aja amaphunzitsa zamasewera pa sekondale, anamva. Sanatsutse. Anangobwera m'mawa wina ndi foni yawo yoyeza mtunda, n'kuyenda nane msewu wonse. Titafika pa mwala anandionetsa, ndipo panali patatsala mamita opitirira mazana awiri. Tinasuntha mwala, unathamanganso, wotchi inati 14:08. Ndikukumbukira m'mene unakhalira pansi m'mbali mwa msewu, osandiyang'ana. Sunandinene, koma bola ukanandinena.

Chimene ndinaphunzira pamenepo ndikukupatsa. Nambala ikakukomera mopitirira, ikayikire kaye. Ndinali nditaona ndi maso anga kuti unali usanalimbe, koma ndinakonda wotchi chifukwa inkanena zomwe ndinkafuna kumva. Kumene ukupitako ukakumana ndi atsikana okuuza kuti kwawo amathamanga mphindi 10, mphindi 11. Ena akunena zoona. Ambiri anayezeredwa ndi abambo onga ine. Usagwe mphwayi ndi nambala ya munthu amene msewu wake sunauone. Wako tsopano unayezedwa katatu, kawiri ndi foni ya aphunzitsi, kamodzi ndi chingwe chawo cha pa bwalo, ine nditagwira mbali ina.

Cholakwa chachiwiri chinabadwa m'choyambacho. Manyazi atandigwira, ndinafuna kubweza mphindi yotayikayo msangamsanga, ngati kuti ndi nkhuku yothawa m'khola. Ndinayamba kukudzutsa tsiku ndi tsiku kuti ukayese mtunda wonse ndi mphamvu zako zonse. Lolemba mayeso, Lachiwiri mayeso, mpaka Loweruka. Mlungu woyamba nthawi inatsika pang'ono, ine n'kumati ndapeza nzeru. Mlungu wachiwiri inaima. Wachitatu inayamba kukwera, ndipo ndinkaona ukutsimphina ukamapita kotunga madzi, koma ukandiona unkawongoka. Misongolo inkakupweteka, iwe osanena chifukwa unkaona nkhope yanga ikayang'ana wotchi. Amayi ako ndiwo anathetsa zimenezo. M'mawa wina anaima pakhomo, nsapato zako atazibisa m'dengu la ufa, n'kundiuza kuti, "Bambo a Rozina, chinangwa chofukula tsiku lililonse kuona ngati chakhwima sichibereka. Musiyeni mwanayu." Ndinakwiya, ndinapita ku ntchito osamwa tiyi. Koma unapuma masiku khumi, ndipo a Namakhwa atatikonzera dongosolo latsopano, lothamanga pang'onopang'ono masiku ambiri n'kuyesa kamodzi pa mlungu, nthawi inayamba kutsika yokha ngati madzi a m'ngalande.

Ndiye tamvera. Ukafika mawa madzulo, ndipo patsala Lolemba ndi Lachiwiri. Mtima ukakuuza kuti upite pa bwalolo ukadziyese kuti utsimikize. Ukaonanso ena akuthamangitsana kuti aonetsane mphamvu. Asiye. Lolemba thamanga mphindi makumi awiri mosakakamiza, liwiro loti ungathe kuimba nyimbo. Lachiwiri ingoyenda, uliyang'ane bwalolo, uone mphepo ikuchokera kuti, ugone msanga. Zomwe zinafunika kulowa m'miyendo yako zinalowa kale m'miyezi isanu ndi umodziyi. Masiku awiri sangawonjezepo kanthu, koma angathe kuchotsapo. Idya zomwe mimba yako ikuzidziwa. Mbatata zomwe amayi ako akukuphikirazi n'zabwino kuposa chakudya cha mafuta chogula pa depoti. Vala nsapato zako zakale zija, ngakhale zikuchititse manyazi pakati pa za anzako. Zatsopano anakupatsa azakhali ako ukavale mayeso atatha.

Tsopano za Lachinayi lija, chifukwa ndikudziwa kuti ndi lomwe lakukhala pamtima. Unathamanga 13:24, ndipo kuyambira tsikulo sukudya bwino. Amayi ako akuti dzulo anakupeza ukuliyang'ana kope, chala chili pa nambala imeneyo. Chotsa chalacho, mwana wanga, uone tsiku lonse. Dzulo lake unakhalira kusenza matumba a nandolo kuchokera kumunda, maulendo asanu ndi awiri. Tsikulo ine ndinali ndi makasitomala m'mawa wonse, ndiye tinapita kothamanga 12 koloko masana, mwezi uno wa Okutobala, mchenga ukuwotcha ngakhale m'nsapato. Silinalinso tsiku lathu loyesa, ndine ndinakakamiza kuti tione komaliza. Wolakwa ndine. Ndipo ndinalakwanso kachiwiri pokubereka pa njinga kubwerera kunyumba osayankhula kanthu njira yonse. Iwe unayesa kuti ndakhumudwa nawe. Ine ndinkadzitukwana ndekha mumtima. Tsiku limodzi loipa silifafaniza ma Loweruka asanu, monganso tsiku limodzi labwino silimupanga munthu kukhala katswiri. Powerengera ndimataya lapamwamba kwambiri ndi lapansi kwambiri, n'kufunsa apakatiwo. Apakatiwo onse ali pansi pa 13.

Pali nkhani ina yomwe sindinakuuzepo, ndipo ndiyo yandichedwetsa kulemba, cholembera ndachiika pansi kawiri. Unakula ukumva kuti ababa ako anapita ku mayeso a usilikali ali mnyamata, n'kubwezedwa chifukwa cha kufupika. Si zoona. Msinkhu wanga unakwana bwinobwino.

Ndinali ndi zaka 21, ndikugwira ntchito yosenza matabwa a paini kuchokera pamwamba pa phiri, pa Chambe, kutsika nawo m'munsi. Unaionapo njira imeneyo, ukudziwa m'mene ilili. Tinkakwera m'bandakucha, kumutu thabwa lalitali kuposa nyumba ino, kenako n'kumatsika chothamanga pa miyala yoterera, nthawi zina m'chiperoni choti mnzako wakutsogolo sukumuona. Pa gulu lathu palibe ankandipitirira. Ndinkafika pansi, kutula, kumwa madzi, ena asanatulukire. Nditamva kuti ku boma akulemba asilikali ndipo akuyesa kuthamanga, ndinaseka. Ndinati ngati ndimatsika phiri ndi thabwa kumutu, nanga pa bwalo lathyathyathya, chimanjamanja, adzandiona ndani? Sindinayeseko ngakhale kamodzi kuthamanga pa chigwa ndi wotchi. Sindinkadziwa kuti potsika phiri, theka la ntchito limagwira ndi phirilo. Liwiro lomwe ndinkalinyadira silinali langa ndekha.

Agogo ako aamuna, omwe iwe sunawapeze, anandipatsa nsapato zatsopano za nsalu, zoyera, ine wozolowera nkhwaira za matayala. Anandiperekeza mpaka pa Nkando. Tsiku la mayeso tinaima pa mzere anthu ambirimbiri, ndipo pambali panga panali mnyamata wina wamfupi, wa miyendo ya matewe, yemwe ndinamuyang'ana n'kumumvera chisoni. Wezulo italira ndinaphulika ngati ndikuthawa njuchi. Raundi yoyamba ndinamaliza ndili ndekha kutsogolo, anthu oonerera akuwomba m'manja, ena akufunsana kuti ameneyu ndi wa kuti. Zinandikomera, Rozina, sindikubisa. Raundi yachiwiri ndinali ndikadali patsogolo, koma mpweya unayamba kulira m'khosi. Yachitatu chifuwa chinayaka moto, nsapato zija zitandisupula zidendene. Yachinayi anayamba kundidutsa, mmodzi, awiri, asanu, ndipo pakati pawo panali wa matewe uja, akupita ndi liwiro lomwelija anayambira, osawonjeza osachotsa, nkhope ili phee ngati akupita kumsika. Raundi yachisanu ili pakati miyendo inangokana. Ndinapatuka n'kukhala pa udzu. Palibe anandigwetsa, palibe anandibera. Ndinadya mphamvu za maraundi sikisi m'maraundi awiri.

N'chifukwa chake ndikubwereza, ndipo undikhululukire kubwerezaku: 2:05. Raundi yoyamba ndi yabodza. Miyendo imakhala yopepuka, magazi akuthamanga ndi mantha, ndipo 1:50 imamveka ngati kuyenda. Atsikana ena akakuthawa ndi mamita makumi atatu, makumi anayi. Alole apite. Ukamva woitana nthawi akuti wadutsa raundi yoyamba mphindi ziwiri zisanakwane, bweza pang'ono pomwepo, usadikire kuti chifuwa chikuuze. Kukapanda woitana nthawi, mvera mpweya wako: ukhale woti ungathe kunena mawu atatu kapena anayi, osati chiganizo chonse, komanso osati kulephereratu. Raundi yachitatu ndi yachinayi ndi zomwe zimasankha anthu. Pamenepo palibe wowomba m'manja, mapeto akadali kutali, ndipo mutu umayamba kukunyengerera kuti upume pang'ono chabe. Pamenepo peza msana wa munthu amene akuyenda liwiro lako, uuyang'ane pakati pa mapewa, usausiye. Ukalowa raundi yachisanu uyambe kutola aja anakuthawa, mmodzimmodzi. Yachisanu ndi chimodzi ndi yako, tsanula zonse zomwe zatsala. Sakufuna woyamba, akufuna aliyense wofika 13 isanakwane. Ukhale wa nambala teni kapena wa nambala twente, khomo lake ndi lomwelo.

Koma kugwa pa udzu sikunali kulakwa kwanga kwakukulu. Kwakukulu kunabwera pambuyo pake. Ndinali nditadzitama mudzi wonse, nditatsanzikana ndi anzanga a pa Chambe ngati sindidzasenzanso thabwa. Ndinaona kuti sindingathe kutsika minibasi pa Nkando anthu akundiona. Ndiye m'malo mobwerera kwathu ndinalowera kumalire, n'kukakhala kwa amalume ku Milanje, ku Mozambiki. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni a m'manja. Ndinakhala milungu itatu ndikuwathandiza kulima, ndipo m'milungu imeneyo ndi momwe ndinapekera nkhani ya kufupika ija. Kenako amalume anandiuza kuti mlendo wa milungu itatu amayenera kunena chomwe akuthawa, ndipo ndinanyamuka.

Ndinatsika pa Nkando dzuwa litapendeka, ndikuyembekeza kuti ndizembera kuseri kwa msika. Ndinapeza agogo ako atakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pa bondo. Anaimirira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zija, zomwe tsopano zinali zofiira ndi dothi. Ine ndinayamba msanga nkhani yanga ya msinkhu. Sanaimvere n'komwe. Anangotambasula dzanja n'kunena m'Chilomwe chawo chija, "Mwanaka, bweretsa chikwamacho." Anachisenza okha mpaka kunyumba, ine mnyamata wamphamvu ndikuyenda chimanjamanja pambuyo pawo. Agogo ako aakazi ndiwo anandiuza mawa lake kuti bambowo ankapita pa siteji paja masana aliwonse, milungu yonse itatu, kusiya munda, kuyang'ana minibasi iliyonse. Anali atamva kale kwa mnyamata wina wa ku Thuchila kuno kuti ndinakhala pa udzu. Ankadziwa zonse. Patapita masiku, tili kumunda, anandiuza mawu amodzi okha pa nkhaniyo: "Ine ndinakutuma kukathamanga, sindinakutume kukasowa."

Anamwalira osanditsutsapo pa bodza la msinkhu, ndipo ine ndinapitiriza kulinena mpaka ndinayamba kulikhulupirira. Amayi ako ndinawauza zoona titakwatirana kale. Iwe ndakuuza lero, chifukwa sindikufuna unyamuke ndi maganizo oti m'banja muno munthu amabwerera pokhapokha atapambana.

Ndikukhulupirira kuti ukakhoza, ndipo ndakuonetsa chifukwa chake. Wagwira ntchito yomwe ine sindinagwire. Wadzuka m'chisanu cha Juni, wathamanga anyamata a pa chigayo akukuseka, wabwerera pa msewu utalira. Wotchi sinakukondere, ndipo pa chifukwa chimenecho ungathe kuikhulupirira. Koma thupi ndi thupi. Mimba itha kukuvuta, wina atha kukuponda chidendene, malungo sapempha chilolezo. Zikatero, maliza ndithu maraundi ako onse ngakhale 13 itadutsa, umve nthawi yako ndi makutu ako, uilembe. Uli ndi zaka 19, chaka chamawa chiliko, ndipo msewu wathu sukupita kulikonse. Ukakhozanso, usaiwale kuti kuthamangaku ndi chitseko chabe. M'katimo muli miyezi ya maphunziro yomwe ine sindikuidziwa ndipo sindingakuwerengere. Kumeneko lemekeza okuphunzitsa, sankha anzako mosafulumira, pemphera monga amayi ako anakuphunzitsira, ndipo chikakupweteka unene msanga, usawongoke pobisa ngati unkachitira kwa ine.

Akuti okhoza amatsala konko kuyamba maphunziro ndipo mafoni amawasungitsa, pomwe olephera amawabweza mawa lake. Ndiye mwina sutha kutiimbira. Usavutike nazo. Lachinayi ndidzaimika njinga pa siteji ya Nkando kuyambira masana, sindidzanyamula kasitomala aliyense. Ndikadzakuona ukutsika, ndidzakulandira chikwama, tidzapita kunyumba, amayi ako adzakhala atatereka madzi osamba. Ndikadzapanda kukuona mpaka minibasi yomaliza itadutsa, ndidzapalasa ndekha kubwerera ku Thuchila, kumbuyo kopanda munthu, ndipo anthu a m'njira adzadabwa kuti bambo uyu akuimbiranji.

Yenda bwino, mwanaka. Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako.